Shuga wa m'Zitsamba: Mboni Yoona Kapena Yogulika?

Mu mzinda wa Bozhou, m'chigawo cha Anhui ku China, muli umodzi mwa misika ikuluikulu ya mankhwala azitsamba padziko lonse. Pakati pa matumba a mizu, makungwa ndi bowa wouma pamapezeka timipukutu ting'onoting'ono tooneka ngati nkhono. Timeneti ndi timapesi ta duwa lotchedwa tiepi shihu, lomwe asayansi amati Dendrobium officinale. Alimi amatiwamba pamoto pang'onopang'ono n'kumatipota mpaka titauma. Duwali ndi la banja limodzi ndi maluwa akutchire aja omwe mizu yake amayi amaphikira chikande. Wogula wozolowera sadalira maso. Amatola kamodzi, n'kuponya m'kamwa, n'kuyamba kutafuna. Kakamata mano n'kusungunuka, amakambirana mtengo. Kakasiya luzi lokhalokha m'kamwa, amalavula n'kupita patsogolo.

Mwina wogulayu sadapondepo mu labotale, koma chomwe lilime lake likusaka ndi shuga. Kumata kuja kumachokera ku mtundu wina wa shuga womwe duwali limasunga m'phesi mwake. Masiku ano ntchito ya lilime lija idapatsidwa kwa makina. Buku la boma la malamulo a mankhwala, Chinese Pharmacopoeia, lomwe lidatuluka koyamba mu 1953 ndipo tsopano limakonzedwanso zaka zisanu zilizonse, limatchula kuchuluka kwa shuga yemwe ayenera kupezeka m'zitsamba zina zisanagulitsidwe ngati mankhwala. Mtsutso wagona pamenepa. Ena akuti kuyeza shuga ndiyo njira yodziwira chitsamba chenicheni ndi chachinyengo. Ena akuti shuga ndi mboni yomwe wakuba aliyense angaigule ndi thumba limodzi la ufa. Tiyeni timve mbali zonse ziwiri mlandu usanagamulidwe.

Shuga wake uti?

Tikamva mawu oti shuga timaganiza za wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa wothira mu tiyi, kapena matenda aja omwe akusautsa ambiri. Yemwe akukambidwa pano ndi wina, ndipo kawirikawiri satsekemera n'komwe. Taganizirani mikanda. Mkanda umodzi ndi shuga wamng'ono, monga glucose, mannose kapena galactose. Chomera chimatunga mikanda yotere mazanamazana, nthawi zina zikwizikwi, pa ulusi umodzi, ndipo ulusi umenewo asayansi amautcha polysaccharide. Kuterera kwa therere, kulimba kwa nsima ikazizira, kunanda kwa madzi a alovera, zonsezi ndi ntchito ya maulusi amenewa.

Chachikulu si mikanda yokha ayi, koma katungidwe kake. Mu ufa wa chimanga ndi m'phesi la chimanga chomwecho muli mkanda umodzimodzi wa glucose. Mu ufa mikandayo idamangidwa ndi mfundo zomwe mimba yathu imatha kumasula, n'chifukwa chake timakhuta. M'phesi idamangidwa ndi mfundo zina, n'chifukwa chake timasiyira ng'ombe ndi chiswe. Mkanda umodzi, zinthu ziwiri zosiyana kotheratu.

Pali njira ziwiri zazikulu zoyezera shuga wotereyu. Yoyamba idalembedwa mu 1956 ndi asayansi a pa University of Minnesota ku America. Amathira mankhwala otchedwa phenol ndi asidi wamphamvu wa sulfuric m'madzi a chitsambacho. Asidi amadula maulusi onse, madzi amasanduka achikasu chofiirira, ndipo makina amayeza kukula kwa mtunduwo. Njirayi ndi yachangu ndi yotchipa, koma imangonena kuti mikanda ilipo yochuluka chonchi. Njira yachiwiri ndi yofatsa. Amamasula ulusi n'kuwerenga mikanda ya mtundu uliwonse payokhapayokha, amayeza kutalika kwa ulusiwo, kapena amaudula ndi ma enzyme omwe amangodula pa mfundo ya mtundu umodzi, kenako n'kuona zidutswa zomwe zatuluka. Chithunzi chake chimakhala ngati chidindo cha chala. Akatswiri a pa University of Macau ndi ena mwa omwe adalimbikira njira imeneyi, ndipo amaitcha saccharide mapping.

Mbali yovomereza

Ovomereza amayambira pa mphika. Kuyambira makedzana, ku China zitsamba zambiri amaziwiritsa m'madzi, wodwala n'kumwa msuzi wake, monga momwenso asing'anga akwathu amachitira. Madzi otentha amakoka maulusi a shuga ochuluka zedi, moti ukaumitsa msuzi wa mizu yambiri, gawo lalikulu la zotsalira limakhala shuga wamitundumitundu. Koma kwa zaka zambiri malabotale ankaviika chitsamba mu sipiriti n'kumasaka tinthu ting'onoting'ono tomwe timasungunuka m'menemo. Mafakitale nawo ankathira sipiriti mu msuzi kuti maulusi a shuga adikhe pansi, n'kuwataya ngati zinyalala. Funso la ovomereza ndi losavuta: mungati mwayeza mankhwala bwanji pamene mwataya zomwe wodwala amameza?

Mfundo yawo yachiwiri ndi yoti nambala imateteza mlimi woona mtima. Buku la malamulo lija limati mu tiepi shihu wouma maulusi a shuga asachepere 25 peresenti, ndipo mannose akhale pakati pa 13 ndi 38 peresenti. Limaikanso malire a kuchuluka kwa mannose pomuyerekeza ndi glucose. Mu tizipatso tofiira ta goji, tomwe timatchuka kwambiri m'chigawo cha Ningxia, malire a maulusi a shuga ndi 1.8 peresenti, mu muzu wa huangjing ndi 7 peresenti, mu bowa wolimba ngati thabwa wotchedwa lingzhi, kapena kuti Ganoderma, ndi 0.9 peresenti. Banja la Dendrobium lili ndi mitundu yoposa 1,000, ndipo timapesi ta mitundu yotchipa tikapotedwa n'kuumitsidwa timafanana kwambiri ndi ta tiepi shihu. Mlimi wa ku Zhejiang kapena ku Yunnan yemwe wasamala mbewu yake zaka zingapo asanakolole sangapikisane ndi wamalonda wopota zilizonse, pokhapokha patakhala muyeso womwe onse awiri ayenera kuudutsa. Kutafuna kumathandiza pa kathumba kamodzi, koma fakitale yogula matani singatafune thumba lililonse, ndipo lilime la munthu silingakaime m'khoti.

Chachitatu, akuti chitsamba cha lero sichiyendanso ndi nkhope yake. Chimawoloka nyanja chili ufa, makapisozi, madzi a m'botolo kapena khofi wa m'timapaketi. Maso ndi mphuno sizingazindikire muzu wosinjidwa. Anthu adaika chikhulupiriro pa kuyeza DNA, koma nayonso ili ndi polekezera. Mu February 2015 mkulu woimira boma pa milandu ku New York adalamula masitolo anayi akuluakulu kuti achotse mankhwala ena azitsamba pamashelefu chifukwa DNA ya zomera zolembedwa pamabotolo sidapezeke. Akatswiri ambiri adatsutsa kayezedweko, ponena kuti chomera chikawiritsidwa n'kusefedwa, DNA imaonongeka kapena kutsala m'mbuyo, ngakhale katunduyo ali weniweni. Shuga, akutero ovomereza, amapirira moto wa mphika kuposa DNA ndipo amafika m'botolo.

Umboni wawo waukulu ndi kafukufuku yemwe adasindikizidwa mu 2017 m'magazini ya Scientific Reports. Akatswiri a ku Macau, mogwirizana ndi bungwe la United States Pharmacopeia, adayeza mitundu 19 ya mankhwala a lingzhi ogulidwa ku America. Isanu yokha ndiyo idafanana ndi zomwe zidalembedwa pamabotolo. Mu yambiri mwa yotsalayo mudapezeka shuga wofanana ndi sitachi m'malo mwa beta-glucan, yemwe ndi shuga weniweni wa bowayo. Nkhani ya alovera ndi yofanana. M'madzi a tsamba lake muli shuga wapadera wotchedwa acemannan. Mu 2016 atolankhani a Bloomberg adatumiza ku labotale zodzola za alovera zogulidwa m'masitolo akuluakulu a ku America, ndipo mwa zina simudaoneke chizindikiro cha alovera. Mudaoneka maltodextrin, ufa wotchipa wopangidwa kuchokera ku sitachi. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, ndipo adatsegula nkhuyuyo ndi shuga.

Pomaliza ovomereza amakumbutsa kuti maulusi a shuga si zodzadzira mimba chabe. Dziko la Japan lidavomereza mankhwala a Krestin, ochokera ku bowa wa Trametes versicolor, mu 1977, ndipo mu 1985 lidavomereza lentinan, wochokera ku bowa wa shiitake, kuti aziperekedwa limodzi ndi mankhwala ena kwa odwala khansa ya m'mimba. Ngati shuga wa bowa angafike m'chipatala, akutero, n'kulakwa kumusiya osamuyeza.

Mbali yotsutsa

Otsutsa amayambira pa asidi uja. Asidi sasankha. Amadula ulusi wa tiepi shihu, ulusi wa chinangwa ndi ulusi wa mpunga mofanana, ndipo madzi amasanduka mtundu umodzimodzi. Njira ya 1956 ija, pamodzi ndi inzake yogwiritsa ntchito anthrone, ndiyo ikugwirabe ntchito m'malabotale ambiri chifukwa cha kutchipa kwake, ndipo nambala zambiri zomwe zimalembedwa pamabotolo zimachokera kumeneko. Munthu wofuna kukweza nambala safunika nzeru zakuya, angothira maltodextrin. Ena sathira n'komwe. Pali opanga omwe sadikira kuti bowa wa lingzhi aphuke: amameretsa ulusi wake woyera pa mpunga kapena mbewu zina, n'kugaya zonse pamodzi. Botolo limalengeza nambala yaikulu ya polysaccharide, ndipo silikunama, kungoti mbali yaikulu ya shugayo ndi ya mpunga. Wogula walipira mtengo wa mankhwala pa chakudya chomwe ali nacho kale kukhitchini.

Dziko la China lomwelo lidaphunzira mowawa za kuopsa kwa muyeso wa nambala imodzi. Mkaka ankauyeza poona kuchuluka kwa nitrogen, chifukwa chakudya chomanga thupi chili ndi nitrogen. Achinyengo adayamba kusungunula mkaka ndi madzi n'kuthiramo melamine, mankhwala opangira mapulasitiki omwe ali ndi nitrogen wambiri. Makina adavomereza. Mu 2008 ana pafupifupi 300,000 adadwala, ambiri a iwo impso, ndipo asanu ndi mmodzi adamwalira. Otsutsa akuti lamulo likangotchula nambala, wakuba wauzidwa kale choti athire.

Mfundo yawo yachiwiri ndi yozama kuposa pamenepa: ndani watsimikiza kuti shugayo ndiye akuchiza? Maulusi amenewa ndi aakulu kwambiri moti ambiri sangadutse khoma la matumbo kulowa m'magazi. Lentinan wa ku Japan yemwe ovomereza amamutchula uja amaperekedwa ndi jakisoni, osati pa supuni. Pali ganizo loti tizilombo tabwino ta m'matumbo timadya maulusiwa n'kutulutsa zinthu zothandiza thupi, ndipo kafukufuku wa zimenezi akuchitika, koma nyemba ndi mgaiwa nazonso zimadyetsa tizilombo tomweto. Palinso vuto lina. Zambiri zomwe zimanenedwa zoti shuga wa chitsamba chakuti amadzutsa chitetezo cha m'thupi zidaonedwa m'timbale ta mu labotale, ndipo akatswiri ena adapeza kuti nthawi zina chodzutsa chitetezocho chimakhala tizidutswa ta mabakiteriya tomwe tidatsatira chomeracho. Pa anthu enieni umboni ndi wochepa. Bungwe la Cochrane, lomwe ntchito yake ndi kusanthula kafukufuku wa zaumoyo, litaunika malipoti asanu a kafukufuku wa lingzhi pa odwala khansa, lidanena mu 2016 kuti palibe umboni wokwanira woti bowayu akhale mankhwala oyamba a matendawa.

Chitsamba cha ku China chomwe chapulumutsa anthu ambiri kuposa zonse, akutero otsutsa, sichichiza ndi shuga. Tu Youyou ndi anzake adapeza artemisinin m'chomera cha Artemisia annua kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mayiyu adalandira mphotho ya Nobel mu 2015. Chinsinsi chidali kusawiritsa: kutentha kunkaononga mphamvu ya mankhwalawo, ndipo adapambana atayamba kuwakoka ndi ether pa kutentha kochepa. Mankhwala a LA, omwe Malawi adayamba kugwiritsa ntchito pochiza malungo mu 2007, adachokera pamenepo. Munthu atayeza shuga m'masamba a chomerachi, sangadziwe ngati masambawo angaphe kachirombo ka malungo kapena ayi.

Chachitatu, shuga saona poizoni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi a ku Brussels m'dziko la Belgium ankamwa makapisozi ochepetsa thupi momwe munkayenera kukhala muzu wa Stephania tetrandra. M'malo mwake mudalowa muzu wa Aristolochia fangchi, womwe dzina lake la Chitchaina limafanana ndi la unzakewo. M'muzu umenewu muli aristolochic acid. Amayi oposa 100 adaonongeka impso, ambiri mpaka kufuna makina otsuka magazi kapena impso ya munthu wina, ndipo ena pambuyo pake adapezeka ndi khansa ya njira ya mkodzo. Chidawavulaza ndi kanthu kakang'ono komwe sikelo ya shuga sikanakaona. N'chimodzimodzi ndi utsi wa salufa womwe amalonda ena amafukiza zitsamba kuti zioneke zowala ndi kusafumbwa, mankhwala ophera tizilombo a m'munda, mtovu ndi zitsulo zina za m'nthaka, chuku chomwe tikuchidziwa bwino pa mtedza wathu, ndiponso mankhwala achizungu monga sildenafil omwe amapezeka atabisidwa m'zomwe zimagulitsidwa ngati zitsamba zopatsa abambo mphamvu. Katundu angakhoze mayeso a shuga bwinobwino ali ndi zonsezi m'kati.

Chachinayi ndi ndalama ndi chilungamo. Njira yofatsa ija imafuna makina okwera mtengo, magetsi osathimathima, ndi anthu ophunzitsidwa kwa zaka. Imafunanso chitsanzo choyera cha shuga wa chomeracho choyerekezera, ndipo pa zomera zambiri chitsanzo chotere n'chovuta kupanga. N'chifukwa chake malabotale amayerekezera ndi glucose, ngakhale ulusi womwe akuyeza uli wa mannose kapena galactose, ndipo nambala imapendekeka. Kuonjezera apo, shuga wa m'chomera amakwera n'kutsika malinga ndi nyengo yokolola, msinkhu wa mbewu, nthaka, ndi kaumitsidwe. Mlimi wamng'ono yemwe katundu wake ndi weniweni angabwezedwe chifukwa waperewera pang'ono pa malire, pamene wa fakitale, yemwe amadziwa kusakaniza matumba mpaka nambala ikwane, akudutsa. Muyeso womwe udabwera kudzateteza woona mtima ungathe kumutsekera kunja.

Pomwe mbali ziwirizi zikumana

Pali nkhani imodzi yomwe mbali zonse ziwiri zimaikokera kwawo. Heparin ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo amagwiritsidwa ntchito tsiku lililonse pa maopaleshoni ndi pa makina otsuka magazi. Sachokera ku chitsamba, amachokera ku matumbo a nkhumba, koma ndi ulusi wa shuga. Chakumapeto kwa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2008 odwala ku America adayamba kukomoka atangolandira mankhwalawa, ndipo bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala kumeneko, lidalandira malipoti a imfa zosachepera 81. Zidapezeka kuti heparin wosayenga wochokera ku China adasakanizidwa ndi shuga wina wotchipa, oversulfated chondroitin sulfate, yemwe ankanamiza mayeso a nthawi imeneyo chifukwa nayenso amachedwetsa kuundana kwa magazi mu labotale.

Otsutsa amati: mwaona, mayeso adakhoza, anthu adafa. Ovomereza amayankha kuti chomwe chidagwira chinyengocho ndi kuyeza shuga komweko, koma kofatsa. Makina a NMR, omwe amaona kamangidwe ka ulusi, adaonetsa chizindikiro chomwe sichipezeka mu heparin weniweni, ndipo mu 2008 kayezedwe kameneka kadalowa m'malamulo a mankhwalawa. Onse akunena zoona, ndipo nkhaniyi ikuulula kuti kwinaku akhala akukangana pa zinthu ziwiri zosiyana zokhala ndi dzina limodzi. Zomwe otsutsa akunyoza pa mfundo yawo yoyamba ndi sikelo. Zomwe ovomereza akutama pa lingzhi ndi alovera ndi chidindo cha chala. Ngakhale kafukufuku wa 2017 uja sadagwire achinyengo poyeza kuchuluka kwa shuga. Akanatero, mabotolo odzaza sitachi akanakhala oyamba kukhoza. Adawagwira poona mfundo za ulusi, kusiyanitsa ufa ndi phesi.

Koma mfundo yachiwiri ndi yachitatu ya otsutsa zimatsalabe chilili. Makina abwino chotani oyeza shuga sangauze munthu kuti bowa amachiza khansa, ndipo sangaone aristolochic acid pomwe sadatumidwe kukamufuna.

Maganizo anga

Munthu wodwala akagwira botolo la mankhwala azitsamba amakhala ndi mafunso atatu, ngakhale sawatchula. Kodi zili m'katimu ndi zomwe zalembedwa panjapa? Kodi sizindivulaza? Kodi zindichiza? Ine ndikuona kuti shuga ndi mboni yabwino pa funso loyamba lokha, ndiponso pa zomera zokhazo zomwe shuga wake ndi wochuluka ndi wapadera, monga tiepi shihu, lingzhi ndi alovera. Pa funso lachiwiri ndi mboni yomwe sidalipo pomwe zinkachitika. Pa lachitatu ndi mboni yongomva mphekesera. Pabwalo la mfumu, munthu yemwe adaona wolowa m'khola timamumvera pa zomwe adaonazo, koma sitimufunsa kuti mbuziyo inkadwala chiyani.

Choncho ndili kumbali ya ovomereza pa mfundo imodzi: kusiya shuga osayeza, pamene wodwala akumwa msuzi wodzaza shuga, ndi kutseka diso limodzi. Koma ndikuvomereza ndi malire awiri. Oyamba ndi oti nambala ya kuchuluka isaime yokha. Buku la ku China lidachita bwino pa tiepi shihu pofunsanso za mannose ndi glucose, ndiponso pa lingzhi pofunsa za zinthu zowawa zotchedwa triterpenes. Njira imeneyo ndiyo iyenera kufalikira ku zomera zina. Malire achiwiri ndi oti nambala ya mu labotale isasanduke mawu otsatsira malonda. Ikachoka pa pepala la woyeza n'kukaima pa botolo m'zilembo zikuluzikulu, imasiya kunena kuti uyu ndi bowa wakutiwakuti, imayamba kunong'oneza kuti uyu akuchizani. Pamenepo mboni yagulidwa, ngakhale sidaname.

Nkhaniyi si ya ku China kokha, chifukwa mabotolowo adafika kale kwathu. Ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Johannesburg khofi wa Ganoderma, madzi a alovera ndi makapisozi amitundumitundu akugulitsidwa m'masitolo, m'maofesi ndi pa WhatsApp, nthawi zambiri ndi m'bale kapena mnzathu wa kutchalitchi yemwe sitingamukayikire, ndipo iyenso amangobwereza zomwe adauzidwa. Tili ndi bungwe la PMRA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kuti liziyang'anira mankhwala, ndi la Malawi Bureau of Standards loona za miyeso ya katundu. Ndikanakhala wolangiza mabungwe otere, sindikanayamba ndi makina odula oyeza maulusi. Ndikanayamba ndi funso lachiwiri lija: chuku, zitsulo, mankhwala achizungu obisidwa. Ufa wa mpunga m'kapisozi umaba ndalama, koma poizoni amaba impso. Pa shuga ndikanayamba ndi zotchipa. Kadontho ka ayodini komwe ana amaphunzira kusukulu kamasandutsa sitachi kukhala wakuda mobiriwira, ndipo bowa weniweni wa lingzhi sayenera kutero. Sikagwira maltodextrin aliyense, koma kamagwira mpunga. Zikafika pa zathu zomwe tikufuna kugulitsa kunja, monga ufa wa malambe ndi wa chammwamba, phunziro ndi lomwelo: tisasankhe muyeso chifukwa choti ndi wamakono, tisankhe womwe ukuyankha funso lomwe lilipo.

Kwa wogula wamba, nambala ya polysaccharide pa botolo isakhale chifukwa chotsegulira chikwama, ndipo isakhale konse chifukwa chosiyira ma ARV, mankhwala a BP kapena a shuga omwe adokotala adalemba. Ngati wogulitsa sanganene kuti shugayo ndi wa mtundu wanji ndipo adamuyeza ndani, nambalayo sikusiyana ndi ya pa thumba la ufa.

Wogula wa ku Bozhou uja amatafuna, inde, koma asanatafune amakhala atayang'ana mtundu wa kaphesiko, atanunkhiza ngati mukumveka salufa, atafunsa phiri lomwe kachokera, ndipo amadziwa kuti wogulitsayo adamupatsa zotani chaka chatha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Lilime lake ndi mboni imodzi mwa zisanu, ndipo kakamata mano iye amangoti katunduyu ndi weniweni. Sanena kuti wodwala achira. Makina omwe adalanda ntchito ya lilime lija akuona zakuya kuposa iye. Chomwe chatsala n'choti eni makinawo aphunzire kulekezera pomwe iye amalekezera.